Imfa ya ku Tokyo ndi Funso la Maola a Ntchito

Pa 25 December 2015 mtsikana wina wa zaka 24, amene ankagwira ntchito pa kampani yotsatsa malonda ya Dentsu mu mzinda wa Tokyo ku Japan, adadzipha. Akuluakulu a boma oona za apantchito atafufuza, adapeza kuti m'mwezi umodzi wokha mtsikanayo adagwira maola oposa 100 kuonjezera pa maola ake a masiku onse, ndipo adagamula kuti ntchito ndiyo idamfikitsa pamenepo. Anthu a ku Japan imfa yotere amaitcha karoshi, ndiye kuti kufa ndi ntchito yopyola muyeso. Mkulu wa kampaniyo adatula pansi udindo, ndipo mu 2017 bwalo la milandu lidalamula kampaniyo kulipira chindapusa cha mayeni 500,000, ndalama zochepa zedi kwa kampani yaikulu chotero.

Nkhaniyi idautsa mkwiyo wa anthu kotero kuti boma silidathe kukhala chete. Mu 2018 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo limene lidayamba kugwira ntchito m'makampani akuluakulu mu April 2019. Lamuloli likunena kuti maola oonjezera asapitirire 45 pa mwezi ndi 360 pa chaka, ndipo ngakhale ntchito itachuluka chotani, asafike 100 pa mwezi. Likukakamizanso olemba ntchito kuonetsetsa kuti wantchito wapuma masiku osachepera asanu a tchuthi chake pa chaka, pakuti ambiri ankachita manyazi kupempha tchuthi anzawo ali pa ntchito.

Madokotala nawonso ali ndi umboni wawo. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO adalengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 pa dziko lonse adamwalira ndi matenda a mtima ndiponso a kufa ziŵalo chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu. Munthu wosoŵa mpumulo sagona mokwanira, amadya mothamanga, nkhaŵa siimchoka, ndipo magazi ake amathamanga kwambiri kufikira mtima utalema. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga sikufika.

Koma tsono chidachitikira aphunzitsi a ku Japan komweko chikusonyeza pamene lamulo limapereŵera. Lamulo la mu 1971 lidati aphunzitsi a m'sukulu za boma asamalipidwe pa maola oonjezera, m'malo mwake azingolandira magawo 4 pa 100 alionse a malipiro awo. Popeza ola loonjezera silinkadyeranso boma ndalama, panalibe amene ankaliŵerenga. Maseŵera a ana, misonkhano ndi malipoti zidangounjikana pa mphunzitsi. Kafukufuku wa bungwe la OECD mu 2018 adapeza kuti aphunzitsi a m'makalasi oyamba a sekondale kumeneko ankagwira maola 56 pa mlungu, kuposa a m'maiko ena onse amene adafunsidwa. Mu 2025 nyumba ya malamulo idavomera kukweza gawo lija pang'onopang'ono kufikira 10 pa 100. Komabe kukweza ndalama sikubweza madzulo amene kholo likadakhala ndi ana ake.

Kaŵirikaŵiri wantchito wotopa amalangizidwa kuti azikonza bwino nthaŵi yake, azigona msanga ndi kucheza ndi banja lake. Malangizo ameneŵa ndi abwino, koma sangathandize munthu amene katundu wake akukulirakulira popanda womuŵerengera. Ntchito yosaŵerengedwa ndiyo imadya nthaŵi ya kunyumba, makamaka masiku ano pamene lamya ya m'manja imamtsatira wantchito mpaka kuchipinda chogona.

Ku Malaŵi lamulo la za ntchito la mu 2000 lidaika malire a maola 48 pa mlungu, chiŵerengero chimene bungwe la ILO lidakhazikitsira a m'mafakitale mu 1919. Malire ameneŵa angateteze munthu pokhapokha ngati maola onse akuŵerengedwa moona. Mphunzitsi wochonga makope usiku ali pa ntchito ndithu, ndipo mkulu wa sukulu pogaŵa ntchito ayenera kukumbukira maola amenewo. Nayenso wachinyamata amene wangomaliza sukulu, akaitanidwa kukayamba ntchito, afunse za malipiro, koma asaiŵale kufunsanso nthaŵi yoŵerukira ndi masiku a tchuthi asanasaine pepala lililonse.