Katapila akalira, imvani kaye chomwe akunena

Abale anzanga a sipanala, ndi inu mabwana eni makina, sabata ino ndati tikambeko za kanthu kamene kakudya ndalama mwakachetechete m'malo momwe akulambula misewu ndi kukumba maziko. Ndikunena timanambala tija timayaka pa dashibodi ya giledala kapena chimakina chokumba, injini n'kufooka ngati yagona ndi njala.

Kale katapila sankayankhula. Akadwala, makaniko ankangotchera khutu, kuona mtundu wa utsi, kugwira paipi, basi matenda apezeka. Makina a masiku ano ali ndi kabokosi ka kompyuta kotchedwa ECM, ndipo kabokosiko kali ndi alonda ake, omwe ndi masensa. Wina amalondera mphamvu ya oyilo, wina kutentha kwa madzi, wina liwiro la injini. Mlonda akakuwa, kompyuta imalemba nambala, nthawi zina n'kuchepetsa mphamvu ya injini kuti isadzivulaze.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mlonda akakuwa kuti "wakuba!" mwina wakuba wabweradi. Mwinanso mlondayo wangoledzera, kapena foni yake yaduka waya. Anthufe tikangoona nambala timathamangira kuchotsa mlonda ntchito, kuitanitsa wina ku Johannesburg. Ndi mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, sensa si kanthu kogula mongoyesa ayi.

Chonsecho nambalayo imanena yokha kumene kuli vuto, bola kuiwerenga yonse. Pa makina a Caterpillar ili ndi zigawo. CID imatchula chipangizo: 100 ndi sensa ya mphamvu ya oyilo, 110 ndi ya kutentha kwa madzi, 190 ndi ya liwiro la injini, 168 ndi magetsi a makina onse. FMI imanena mtundu wa dandaulo. FMI 3 ndiye kuti magetsi pa waya wa sensa akwera kupyola muyezo, kawirikawiri chifukwa waya waduka kapena pulagi yazuka. FMI 4 ndiye kuti atsika, mwina waya wasupuka n'kugunda chitsulo. FMI 2 ndi uthenga wosokonekera, wobwera n'kumapita. Makina ena otsata dongosolo la J1939 amalemba SPN m'malo mwa CID, koma 100, 110 ndi 190 zimatanthauza zomwezo.

Taonani bwino apa. 100-3 sakunena kuti oyilo watha. Akunena kuti kompyuta sikumumva mlonda wa oyilo. Koma mukaona E360 pa Caterpillar, kapena SPN 100 FMI 1 pa makina enawa, pamenepo mlonda ali bwinobwino ndipo akunena kuti oyilo alibe mphamvu. E361 ndiye kuti madzi atentha zedi. Zimenezo zimitsani injini pomwepo, bwana akalipe ngati akufuna.

Nanga tidziwa bwanji ngati wolakwa ndi sensa kapena waya? Sizifuna laputopu ya mamiliyoni. Masensa ambiri oyeza mphamvu ya oyilo kapena mpweya ali ndi mawaya atatu: wobweretsa magetsi a 5 volts kuchokera ku ECM, wobweza, ndi wotenga uthenga. Uthenga wabwino umayenda pakati pa 0.5 ndi 4.5 volts. Zulani pulagi, tsegulani kiyi osaliza injini, yezani ndi mita ngati 5 volts ikufika. Ngati palibe, sensa ilibe mlandu. Mwana sangalime asanadye.

Ngati ikufika, chitani ichi. Tinene kuti dashibodi ikuonetsa 100-4. Sensa mwaizula, dikirani pang'ono. Nambala ikasintha n'kukhala 100-3, ndiye kuti waya ndi kompyuta zili bwino, chovunda ndi sensayo, kagule ndi mtima umodzi. Ikakakamirabe pa 100-4 sensa ili m'manja mwanu, vuto lili m'mawaya, wina wagunda chitsulo penapake. Ikakhala 100-3 chiyambire, lumikizani waya wa uthenga ndi wobweza ndi kachidutswa ka waya pa pulagipo. Ikasintha n'kukhala 100-4, njira yonse mpaka ku ECM ndi yamoyo. Ntchito ya mphindi khumi imeneyo. Koma onani kaye buku la makina anuwo kuti mudziwe waya uti ndi uti, chifukwa mukalumikiza wa 5 volts molakwika mwadziputira wina mlandu.

Ine mwaine ndinaonapo giledala itaima masabata atatu pa msewu wina wa kumudzi, mvula ili pafupi. Anagula sensa yoyamba, nambala ili pompo. Anagula yachiwiri, ati yoyambayo inali yachinyengo. Anyamata aganyu anauzidwa kuti akadikire kunyumba, ndipo mukudziwa kuti waganyu akakhala kunyumba salandira kanthu. Pomaliza anapeza kuti waya unkakhuzana ndi chitsulo kuseri kwa injini mpaka kudyeka. Tepi ndi kachingwe komangira, giledala n'kudzuka. Masensa awiri aja ali m'kabati mpaka lero, ndikukhulupirira.

Adani a mawaya kuno kwathu tikuwadziwa. Fumbi la Okutobala, matope a Januwale, kugwedezeka kwa tsiku lonse, ndi makoswe omwe amagona m'makina akaimikidwa pafupi ndi minda. Onjezanipo mnyamata wotsuka amene amalozetsa paipi ya madzi amphamvu pa pulagi penipeni, ndi wowotcherera amene amayamba ntchito pa makina osazula batire. Ameneyu akhoza kupha ndi ECM yomwe.

Manambala akabwera ambirimbiri nthawi imodzi, asanu kapena asanu ndi limodzi, musaganize kuti masensa onse apangana kufa tsiku limodzi. Ambiri amadyera mbale imodzi ya 5 volts ija, ndiye mmodzi akachita shoti onse amagona ndi njala. Caterpillar imalemba CID 262 pa vuto limeneli. Zulani sensa imodzi imodzi mpaka magetsi abwerere, ndipo amene mwamuzula komaliza ndiye mfitiyo. Yang'ananinso mitu ya batire ndi waya wa ethi. Makina a 24 volts injini ikulira amayenera kuonetsa cha m'ma 27 kapena 28.

Palinso kusiyana kwa nambala yomwe ikuvuta panopa ndi yomwe kompyuta inangosunga kuchokera kale. Makina ambiri amene timagula kuno ndi ogwirapo kale ntchito kunja, ndiye amabwera ndi milandu yakale m'mutu. Lembani zonse m'kope ndi maola a injini musanafufute. Amene amafufuta asanalembe ali ngati wapolisi wong'amba sitetimenti.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ukatswiri wina umene wafala. Nyali ikavuta, munthu amazula sensa n'kuikapo karesisita kuti kompyuta izikhulupirira kuti zonse zili bwino. Bwana amasangalala, ati makaniko uyu ndi dolo, makina abwerera pa ntchito. Eti dolo! Tsiku limene paipi ya madzi idzaphulike kapena pampu ya oyilo idzatope, palibe adzakuwe. Injini idzanoka dalaivala ali phee m'kabini, ndipo mtengo wa injini ya chimakina chokumba mungagulire masensa odzaza wilibala.

Ngati mukukayika kuti sensa ya oyilo ikunama, mangani geji wamba ya singano pa injinipo, muyerekeze ndi zomwe buku likunena. Geji ikati oyilo ali bwino, sakani waya kapena sensa. Ikagwirizana ndi kompyuta, chotsani kiyi, muike m'thumba, mukauze bwana kuti lero kulibe kukumba.

Sabata ya mawa tidzakamba za madzi m'dizilo wa m'zigubu.