Kope la Wogulitsa Usipa

Pa doko la Ngara, m'boma la Karonga, achinyamata otsiriza sukulu amayamba malonda a usipa. Amagula kwa asodzi m'mamaŵa, nayanika pa thandala, nakwera galimoto pa msewu wa M1 kukagulitsa ku Mzuzu. Pobwerako thumba limakhala lotupa, ndipo mwini wake amayesa zonsezo ndi phindu. Apa ndi pamene mpamba umafera.

Wamalonda wotere ayenera kusunga kope, longa lija ankalembamo masamu kusukulu. Kumanzere alembe zoloŵa, kumanja zotuluka: mtengo wa nsomba, wa galimoto, chiphaso cha pamsika, ngakhale nsima ya paulendo. Chovuta kulemba ndi usipa wopatsa azakhali kapena ngongole ya mnansi, pakuti manyazi amagwira dzanja. Komatu zimenezinso zachoka pa mpamba womwewo.

Tsono kopelo lisaŵerenge makwacha okha. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo nikwera. Amene poyamba ankagula ndowa 10 za usipa, koma lero akungokwanitsa 7, wataya ndowa zitatu, ngakhale ndalama za m'thumba mwake zioneke zochuluka kuposa kale.