Malata n'ngabwino, koma waya ali kuti?

Chaka chilichonse msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, nyumba za malata zimachuluka m'dera la Mfumu Simlemba. Zimenezi n'zonyaditsa. Koma mvula yoyamba ya mu Novembala ndi Disembala ikabwera ndi chimphepo, malata ena omwewo timakawatola m'munda mwa mnansi atapindikapindika, feteleza ndi chimanga zitanyowa m'nyumba.

Alimi anzanga, tisamangonena kuti ndi tsoka. Zambiri mwa ngozi zimenezi timaziitana tokha pomanga. Mlimi amagula malata 30 osanyinyirika, koma mmisiri akatchula waya ndi misomali yokwanira, akuti ndalama zatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphepo sikankha denga ngati mmene imachitira ndi khoma. Imalowa pansi pa khonde n'kulinyamula, monga ambulera. Choncho miyala ndi njerwa zimene timasanja pamwamba sizithandiza kwenikweni, ndipo denga likasasuka zimagwera ana. Chofunika n'chakuti mitanda ya denga imangidwe ndi waya wokhuthala amene walowetsedwa m'khoma, mizere ingapo ya njerwa kuchokera pamwamba. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, ndipo ichuluke m'mphepete ndi m'makona, poti mphepo imayambira kumeneko. Khonde lisatalike kwambiri. Amene mukumanga tsopano, dziwani kuti denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri.

Pa zigafa ndiye pali ulesi woopsa. Nsanamira zachaka chatha, zodyedwa ndi chiswe, timangozisiya n'kufolera udzu watsopano. Kenaka mu Febuluwale chigafa chodzaza ndi fodya chimagwa usiku umodzi, ngongole ya feteleza ili chilili. Paja akulu anati fodya n'uyu ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Gwedezani nsanamira iliyonse mu Okutobala, yofooka muichotse, ndipo muike mitengo yochirikiza mopingasa. Mutu wa chigafa ndiwo uloze kumene mphepo imachokera kawirikawiri.

Nkhani yaikulu ndi mitengo. Chiyambire zaka za m'ma 1990 pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, zigafa zadya mitengo yambiri m'Kasungu, ndipo midzi ina yatsala pambalambanda. Mphepo yopanda choitchinga imafika pakhomo ndi mphamvu zake zonse. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Bzalani mizere iwiri kapena itatu ya keshya kapena mthethe kumbali yochokera mphepo, patali ndithu kuti mtengo ukagwa usafike panyumba. Nthambi za bulugamu ndi mango zimene zaweramira denga zisadzidwe mvula isanayambe.

Mafumu ndi makalabu a fodya angathandize pamenepa. Kalabu imene imatha kulondola ngongole ya membala aliyense siingalephere kuyendera madenga ndi zigafa za mamembala ake mu Okutobala. Thandizo la boma la anthu ogweredwa ngozi limafika nyumba itasasuka kale. Waya wa denga lonse mtengo wake sufika pa belo limodzi la fodya.