Wazaka zitatu wapuma pantchito, nanga ife tizionera chiyani?

Ndiye kuti mpikisano wa akavalo umene tidaona Loweruka lija unali wotsanzikana. Thukuta lisanaume n'komwe pakhosi pa kavalo wina amene adathamanga tsikulo, mwini wake walengeza kuti sadzathamanganso. Akuti wapuma pantchito. Zaka zitatu zokha! Sadathyoke mwendo, sakutsokomola, dokotala wa ziweto sadamupeze ndi vuto. Bwana angowerengera zala n'kuona kuti kavalo wawo akapita kukagwira ntchito ya tonde alemera msanga kusiyana n'kumuthamangitsa.

Chondiwawa n'chakuti masamu awo ndi olondola. Taonani Frankel wa ku England, amene adathamanga ka 14 n'kupambana konseko. Mphoto zonse zimene adatola pabwalo zidatsala pang'ono kukwana mapaundi 3 miliyoni. Pofika 2024, wofuna kuti kavalo wake wamkazi akweredwe ndi Frankel ankalipira mapaundi 350,000. Aakazi 9 okha, ndalama za mipikisano yonse ija zapitirira kale, chonsecho mphongo yotchuka imakwera aakazi oposa 100 pachaka. Malamulo a mtundu wa thoroughbred salola kubereketsa ndi jakisoni. Wamwamuna ndi wamkazi ayenera kukumana ndithu, n'chifukwa chake mbewu yabwino imasowa, mtengo n'kumakwera. Komabe eni ake a Frankel adamusiya kuti athamangenso mu 2012 ali ndi zaka zinayi, tonse tidamuona atakhwima. Bwana athuwa mtima umenewo alibe. Akuopa kuti chaka chamawa wina akangomudutsa kavalo wawoyo, mtengo ugwa. Dzina aliteteza pomutsekera m'khola.

Enanu muti bizinesi ndi bizinesi. Ndikumva. Kugula kavalo wothamanga ndi juga ya anthu ovala masuti. Ku okushoni ya Tattersalls ku Newmarket, komwe mpaka pano amatchula mitengo m'maguinea, anthu amalimbirana mwana wa kavalo wa chaka chimodzi amene sadavalepo chishalo, akudalira maina a bambo ndi mayi ake olembedwa m'kabuku ndiponso mmene akupondera pansi. Mu 2006 ku America, The Green Monkey adagulidwa madola 16 miliyoni, n'kuthamanga katatu osapambanako. Seattle Slew adagulidwa madola 17,500 okha, mu 1977 n'kupambana mipikisano itatu yaikulu ya Triple Crown. Ndipo ukagula, mavuto ndiye ayamba: mphunzitsi akufuna zake tsiku ndi tsiku, wokhoma nsapato zachitsulo, dokotala, inshuwalansi, galimoto yonyamulira, kavalo akudya kaya wapambana kaya wamaliza kumchira. Eni akavalo ambiri amangotaya ndalama, ndiye munthu wamba amene wasonkherana ndi anzake kugula kavalo mmodzi akagulitsa msanga sindimudzudzula. Koma bwana athuwa si munthu wamba. Makola awo ndi odzaza, sakusowa ya sopo.

Tsono akachoka onse abwinoabwino, pabwalo pamatsala ndani? Mitheno. Akavalo ofulidwa, amene alibe kothawira chifukwa sangabereke, ndi amene amatisangalatsa chaka ndi chaka mpaka ndevu zitachita mbuu. Ndiye onani mmene akuluakulu a masewerawa amawathokozera. Ku Derby ya ku Epsom mtheno saulola n'komwe, poti mpikisanowo ndi wosankhira abambo amawa. M'mipikisano ya handicap, ukangopambana kamodzi, bambo wa cholembera amene amagawa katundu amakuwonjezera zitsulo za mtovu pansi pa chishalo. Nkhalamba yanga, mtheno wa zaka zisanu ndi zitatu, mudaiona nokha katundu amene idasenza Loweruka. Amafuna ithamange kapena isamutse nyumba? Wogwira ntchito mokhulupirika amulanga ndi katundu, wothawa ntchito amuombera m'manja ndi kumujambula zithunzi.

Za oyang'anira mpikisano ndisayambe n'komwe. Chiyambire lamulo la ku England la 2023 lakuti wokwera asapitirire zikwapu zisanu ndi chimodzi pa mpikisano wopanda zolumpha, anthu amenewa asanduka akatswiri owerenga mpaka sikisi. Kavalo wina akhoza kutsekereza mnzake njira pakona onse akuona, iwo ali duu pa kanema, kubweza chithunzi kuti aone ngati chikwapu chija chidakhudza kapena chidangopita m'malere. Kuteteza nyama n'kwabwino, palibe akukana. Koma maso omwewo akadamayang'anakonso pakona yomaliza, ena a ife tikadamagona tulo Loweruka usiku.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mabuku a mtundu wa akavalowa akane kulemba mwana aliyense amene bambo wake sadathamange mpaka zaka zinayi, kupatula ngati dokotala wosadya nawo za bwana watsimikiza kuti adavulaladi. Ndalama zina za mphoto zichoke kwa azaka zitatu zipite kwa akuluakulu, tione ngati makola sayamba kutseguka. Ndipo bambo wa cholembera uja, kilogalamu iliyonse imene wawonjezera pamsana pa nkhalamba yanga, aziyamba waisenza yekha n'kuzungulira nayo bwalo lonse, ife tili pampanda ndi wotchi.