Galimoto ya magetsi nayonso imafuna oyilo

Kusowa kwa mafuta a galimoto, komwe kwakhala kukubwerezabwereza m'dziko muno kuyambira mu 2022 kaamba ka kuchepa kwa ndalama zakunja, kwachititsa ambiri kuyamba kulakalaka galimoto zoyendera magetsi. Koma maganizo akuti galimoto zotere sizifuna oyilo ndi osocheretsa.

N'zoona kuti zilibe injini ya petulo. Komabe mota yake, yomwe imazungulira kopitirira ka 10,000 pa mphindi imodzi, imatumiza mphamvu ku mateyala kudzera m'magiya osambira mu oyilo. Pa galimoto zina, oyilo yemweyo amapopedwa kuti akaziziritse mawaya a kopa a m'kati mwa mota. N'chifukwa chake ayenera kukhala wapadera: wosadutsa magetsi komanso wosadya kopa. Akalimba kwambiri amatha batire msanga. Akapanda kufika mokwanira, mabeyaringi amapsa.

Msewu wa Mangochi-Makanjira, wodutsa ku Lungwena, ungathe kuulula kufooka kulikonse. Kutentha kwa Okutobala kumachititsa oyilo kukhala wamadzimadzi, mchenga umadya mphira zotsekera magiya, ndipo nthawi ya dzinja madzi a mitsinje yosefukira angathe kulowamo. Makaniko wozolowera kuthira oyilo wa injini paliponse angathe kuwononga mota ya ndalama zankhaninkhani.

Choncho kuitanitsa galimoto zokha sikokwanira. Bungwe la TEVETA liyenera kuphunzitsiratu amakaniko a m'maboma, ndipo ogulitsa galimotozi azibweretsanso oyilo woyenera. Nayenso adzafuna ndalama zakunja.