Batire likatha moto, buku la mwana wosaona latsekeka

M'zaka zaposachedwapa, sukulu zina za ana osaona m'dziko muno zayamba kulandira timakina tonyamula m'manja tolembera ndi kuwerengera zilembo za Braille. Iyi ndi nkhani yabwino ndipo onse omwe akuthandizapo ayenera kuyamikiridwa. Koma pali chinthu chimodzi chomwe sichitchulidwa pa tsiku lopereka mphatso, pamene alendo akujambulitsa zithunzi ndipo ana akuimba nyimbo zothokoza. Chinthucho ndi batire. Batire likafooka, makina okwera mtengo aja amakagona m'kabati ya ahedi, mwana n'kubwerera pomwe anali.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, mpofunika kudziwa kaye ntchito ya makinawa. Zilembo zomwe Louis Braille wa ku France anakonza m'zaka za m'ma 1820 zimapangidwa ndi timadontho totukuka tosaposa 6 pa chilembo chilichonse, ndipo munthu amawerenga popapasa ndi nsonga za zala. Zikalembedwa papepala, zilembozi zimadya malo kwambiri moti Baibulo lonse limakwana mabuku akuluakulu oposa 30. Makina atsopanowa ali ndi mzere wa timisomali tomwe timatukuka ndi kutsika kuti tipange zilembo, komanso mabatani olembera. Kakhadi kamodzi kochepa ngati sitampa kamasunga mabuku ochuluka kuposa omwe angakwane m'chipinda. Wophunzira amalemba notsi m'kalasi, madzulo n'kumaziwerenga yekha osadikira mnzake woona kuti amuwerengere.

Ena mwa makina oyambirira otchuka olembera notsi mu Braille anali Braille 'n Speak, omwe anatuluka ku America mu 1987. Mu 2000 ku New Zealand kunatuluka BrailleNote. Mtengo wa makina ngati BrailleNote umafika madola masauzande angapo, choncho kwa nthawi yaitali mwana wa ku Malawi ankangowamvera mbiri. Zinthu zinasintha kutabwera Orbit Reader 20, yomwe mtengo wake sufika madola 1,000, ndipo bungwe la Kilimanjaro Blind Trust Africa, lomwe likulu lake lili ku Nairobi, lakhala likugawa makinawa m'maiko monga Kenya, Uganda, Tanzania ndi Malawi.

Makina a masiku ano amayendera batire la lithium, longa la m'foni zam'manja, ndipo aliyense yemwe wakhala ndi foni zaka ziwiri kapena zitatu akudziwa khalidwe lake. Likakhala latsopano limasunga moto nthawi yaitali, koma likatchajidwa ndi kutha moto maulendo mazana angapo, mphamvu yake imayamba kuchepa ndipo siibwereranso. Kutentha kumafulumizitsa kukalambaku. Batire lomwe lingakhale zaka zambiri kudziko lozizira silichedwa kufooka m'chigwa cha Shire kapena m'mbali mwa nyanja, komwe mu October ndi November dzuwa limaswa mtengo. Chinanso chomwe chimapha batire ndi kulisiya lopanda moto kwa miyezi. Makina omwe atsekeredwa m'bokosi tchuthi chonse ali otheratu moto akhoza kukana kuyaka sukulu zikatsegulidwa.

Munthu woona foni yake ikazima amatenga pepala ndi cholembera n'kupitiriza ntchito. Kwa wophunzira wosaona, makina aja ndiye buku, kope ndi cholembera pa nthawi imodzi. Akazima pakati pa phunziro, zonse zitatu zatsekeka. Komanso iye sangaone kagetsi kosonyeza kuti moto ukulowa. Akapereka makina ake pakaokala ka pamsika pomwe anthu amatchajitsa mafoni, amangodalira mawu a mwini okalayo, ndipo nthawi zina amakazindikira atafika kale kunyumba kuti waya unali wakufa.

Vutoli limakula chifukwa cha magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja osakwana 12 pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi m'nyumba zawo. Ngakhale komwe mawaya a Escom anafika, anthu sanaiwale zomwe zinachitika namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, pamene magetsi ankathimathima kwa nthawi yoposa chaka. Opanga makina akamalemba kuti batire limakhala maola akutiakuti, amaganizira munthu yemwe ali ndi soketi pafupi ndi bedi lake. Mwana wa ku Ntaja, ku Jenda kapena ku Nchalo alibe mwayi umenewo tsiku lililonse.

Ndiye pali nkhani yopeza batire lina. Mabatire a makinawa sapezeka m'sitolo za pamsika ngati a wailesi kapena a tochi. Amayenera kuitanitsidwa kunja, pamene ndalama zakunja ndi zosowa. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2016 malamulo a za ndege pa dziko lonse salola kutumiza mabatire a lithium paokha ngati katundu m'ndege zonyamula anthu, chifukwa akhoza kuyaka moto. Izi zimachititsa kuti kanthu kakang'ono kokwana m'thumba la shati katenge nthawi yaitali ndi ndalama zambiri kuti kafike kuno. Makina ena anapangidwa mwakuti batire silichotsedwa popanda mmisiri wodziwa. Maiko a m'bungwe la European Union anaona vutoli ndipo mu 2023 anakhazikitsa lamulo loti kuyambira mu 2027 zipangizo zambiri zonyamula m'manja zizikhala ndi batire loti mwini wake akhoza kusintha yekha. Ngati maiko olemera afika poika lamulo lotere, dziko losauka liyenera kuchenjera koposa pogula.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Unduna wa zamaphunziro ndi mabungwe othandiza asamakopeke ndi kukongola kwa makina okha. Asanasaine pepala logula kapena lolandira mphatso, afunse mafunso atatu: Kodi batire limasinthika mosavuta? Kodi lina likapezeka kuti, pa mtengo wanji? Kodi makinawo angatchajidwe ndi kasola kapena kabatire konyamula m'thumba komwe anthu amatchajira mafoni? Ndalama ya mabatire apadera ndi ya sola ikhale m'bajeti yomweyo yogulira makina. Sukulu ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, yomwe imaphunzitsa aphunzitsi a ana aulumali, ndi malo oyenera kuphunzitsirako kasamalidwe ndi kakonzedwe ka makinawa, kuti sukulu ngati Chilanga ku Kasungu kapena Lulwe ku Nsanje zisamadikire mmisiri wochokera kunja. Bungwe la Malawi Union of the Blind nalo lifunsidwe maganizo, popeza mamembala ake ndiwo amadziwa pomwe pamapweteka.

Makolo ndi abale nawo ali ndi mbali yawo, ndipo siifuna ndalama zambiri. Makina asasiyidwe padzuwa, pawindo kapena pafupi ndi mbaula. Asamadikire kuti moto utheretu asanatchajidwe. Ngati akusungidwa nthawi yaitali, akhale ndi moto wa theka ndipo aziyatsidwa mwa apo ndi apo. Bluetooth ndi intaneti zimadya moto, choncho zizitsekedwa pamene sizikugwira ntchito. Tchaja ikhale yomwe inabwera ndi makinawo kapena yofanana nayo, osati iliyonse yomwe yakwana pabowo. Notsi zofunika zizikoperedwa pamalo ena kuti makina akafa, ntchito ya teremu yonse isafere limodzi. Ndipo batire likatupa kapena likamatentha modabwitsa, lisatchajidwenso, lisabooledwe, komanso lisatayidwe pamoto: lipite kwa aphunzitsi.

Pomaliza, zida zakale zisatayidwe. Makina a Perkins, omwe anayamba kupangidwa mu 1951, salira magetsi. Kafulemu kolembera pamanja ndi kachitsulo kake kobayira timadontho sikatha moto ngakhale magetsi atazima sabata yonse. Mwana yemwe akudziwa zida zonsezi sagwidwa njakata. Sukulu yomwe yasiya kugula mapepala a Braille chifukwa yalandira makina atsopano yaika tsogolo la ana ake pa batire limodzi.

Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2017 linalowa m'pangano la Marrakesh lothandiza kuti anthu osaona azipeza mabuku mosavuta. Malonjezo amenewa sayesedwa ndi kuchuluka kwa makina omwe agawidwa pamsonkhano. Amayesedwa ndi kuchuluka kwa makina omwe akuyakabe patatha zaka zitatu, m'manja mwa mwana yemwe akukonzekera mayeso a Maneb. Unduna utumize anthu ake akawerenge makina omwe agona m'makabati a sukulu chifukwa cha batire, ndipo uwadzutse chaka cha maphunziro chisanathe.