Mukafika ku Belém, yambani mwafunsa musanajambule

Chaka chilichonse Disembala akalowa, zithunzi zimayamba kutipeza. Abale athu okhala ku London, ku Manchester ndi ku Dublin amathawa chisanu cha kumpoto n'kutsetserekera ku Lisbon, ku Seville kapena ku Rome, kumene dzuwa limaonekako ndithu ngakhale limalowa msanga. Timawaona atavala majasi, akudya mtedza wootcha wa m'misewu, atakwera tiramu yachikasu ya nambala 28 yokwera zitunda za Alfama. Kenaka mkangano wathu wa chaka ndi chaka umabuka. Ena amati: ndalama zimenezo bwenzi atagulira makolo feteleza, popeza kumudzi ino ndi nthawi yobzala. Ena amati: musawachitire nsanje, thukuta ndi lawo.

Ine mkangano umenewo sindiulowa. Munthu amene wagwira ntchito usiku chaka chathunthu, kusambitsa nkhalamba za eni dziko, ali ndi ufulu wopuma kumene wafuna, ndipo ambiri mwa iwowa feteleza anatumiza kale mu Okutobala. Mlandu wanga ndi wina. Ndikudandaula ndi mmene timayendera m'mizinda imeneyi: maso ali pa foni, pakamwa pali kumwetulira, mutu uli wopanda funso ndi limodzi lomwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula limene tikudya ku Lisbon tikudyetsanso ana athu.

Tiyambe ndi chithunzi chimene aliyense amabwera nacho. M'mphepete mwa mtsinje wa Tejo, kudera la Belém, kuli chipilala chachikulu chooneka ngati mutu wa chombo, chotchedwa Padrão dos Descobrimentos. Chinamangidwa mu 1960 mu ulamuliro wa Salazar, pokumbukira zaka 500 chimwalirire Infante Dom Henrique, amene waima patsogolo pa anthu 33 osemedwa pamenepo. Henrique yemweyo analipo ku Lagos, kummwera kwa Portugal, mu 1444, pamene anthu oposa 200 ogwidwa ku Africa anatsitsidwa m'zombo n'kugawidwa ngati mbuzi, ndipo iye analandirapo gawo lake. Pansi pamene mumaima pojambula, pali mapu a dziko lapansi oyalidwa ndi miyala. Imeneyo inali mphatso yochokera ku boma la South Africa la nthawi ya tsankho. Tsono Mchewa akaima pamenepo, zala ziwiri m'mwamba, n'kulemba kuti Mulungu ndi wabwino, akuthokoza chiyani kwenikweni?

Wina anena kuti zimenezo ndi za ku West Africa, ife sizitikhudza. Chabwino, yendani pang'ono kuchoka pa chipilalacho, mudutse nsanja ya Belém. Mupeza khoma lolembedwa maina a asilikali a Chipwitikizi amene anafa pa nkhondo za ku Angola, Guinea ndi Mozambique. Maina alipo zikwizikwi, olembedwa mwaulemu, ndipo asilikali amalondera. Pa khoma limenelo palibe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe wa ku Wiriyamu, kufupi ndi Tete, kumene pa 16 Disembala 1972 asilikali a dziko lomwelo anapha anthu wamba mazanamazana, amayi ndi ana omwe. Nduna yaikulu ya Portugal ya nthawi imeneyo, António Costa, inapepesa za Wiriyamu mu 2022, patapita zaka 50. Ngati eni akewo anafika popepesa, ife tikhala bwanji osadziwa n'komwe kuti panali chopepesera?

Koma nkhani imene ndikufuna aliyense wa ife aidziwe ili mkati mwa mzinda, kudera la Chiado kumene alendo amamwera khofi. Kumeneko kuli msewu wotchedwa Rua Serpa Pinto. Serpa Pinto ameneyu ndi msilikali amene mu 1889 anamenyana ndi Amakololo m'chigwa cha Shire. Apwitikizi anali atajambula mapu awo otchuka, opakidwa utoto wofiirira, osonyeza kuti dziko lonse kuyambira ku Angola mpaka ku Mozambique ndi lawo, kuphatikizapo dera lalikulu la kumene lero kuli Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Angelezi anakana. Pa 11 Januwale 1890 boma la Lord Salisbury linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake kumeneko, ndipo Portugal inagonja. Mkwiyo wa anthu a ku Lisbon unali waukulu kotero kuti nyimbo imene lero ili nyimbo ya fuko lawo, A Portuguesa, inapekedwa chaka chomwecho chifukwa cha manyaziwo. Tamvani bwino: nyimbo ya fuko la Portugal inabadwa pa mkangano wolimbirana dziko la makolo athu.

Chotsatira chake chinali pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal, limene linadula malire amene tikukhala nawo mpaka lero. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza amadziwa malo amene mbali ino ndi Malawi, tsidya la msewu ndi Mozambique, pamene anthu a mbali zonse ziwiri ndi a mtundu umodzi, olankhula chinenero chimodzi, okwatirana ndi kuikana maliro. N'chifukwa cha mapangano a nthawi imeneyo kuti Mchewa wa ku Angónia amaphunzira m'Chipwitikizi, wa ku Dedza m'Chingelezi, ndipo onse awiri amadutsa pa chipata cha malire popita ku Mkaika kukalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. Munthu angayende bwanji mu Rua Serpa Pinto ngati akuyenda mu msewu wamba?

Ndikudziwa chimene mundiyankhe. Mukuti: tapita kukapuma, sitinapite ku maliro. Mukutinso: kodi munthu wakuda sangaone chinthu chokongola n'kungosangalala nacho, monga amachitira mlendo wa ku Japan? Yankho limeneli lili ndi mphamvu ndipo sindilipeputsa. Nyumba ya amonke ya Jerónimos ndi yokongoladi, ndipo timakeke ta ku Belém, timene akhala akuphika kuyambira 1837, n'tokomadi. Idyani, musaumire. Koma kudziwa sikuchotsa kukoma. Amene akudziwa kuti nsanja ya Giralda ku Seville inamangidwa m'zaka za m'ma 1100 ngati nsanja ya mzikiti, pansi pa mafumu a Almohad ochokera ku Morocco, amaiona ndi maso owala kuposa amene wangouzidwa kuti ndi tchalitchi cha azungu. Amene akudziwa kuti chipilala cha pabwalo la St Peter ku Rome chinachokera ku Egypt, ndiponso kuti chipilala cha Axum chimene Mussolini anatenga mu 1937 chinabwezedwa ku Ethiopia mu 2005 Aitiopiya atalimbikira kwa zaka zambiri, amachoka ku Rome atasenza kanthu. Winayo amachokako ndi zithunzi 300 zofanana ndi za munthu wina aliyense.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ana. Mwana wobadwira ku Leeds, amene Chichewa chake chimathera pa moni, akafika ku Belém amamva nkhani kuchokera kwa woperekeza alendo yekha. Amauzidwa za amuna olimba mtima amene anatulukira maiko. Bambo ake ali pomwepo, akukonza kolala kuti chithunzi chituluke bwino. Palibe womuuza kuti pamene Francisco de Lacerda ankachoka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe, anadutsa m'dziko la Amaravi lokhala ndi mafumu ake, misika yake ndi osula zitsulo ake, ndipo popanda onyamula katundu ndi olozera njira a komweko sakanayenda mtunda uliwonse. Mwanayo amabwerera kusukulu atatsimikiza mumtima kuti mbiri ndi ya anthu ena, ife tinangopezedwa. Wamuphunzitsa zimenezo ndi kholo lake, ndi ndalama zake zomwe.

Choncho pitani, abale anga, ndipo amene akukunenani za feteleza muwayankhe mwaulemu. Koma musananyamuke, patulani madzulo awiri muwerenge za mzinda umene mukupitawo. Mukafika pa chipilala, werengani chaka chimene chinamangidwa ndipo mufunse amene anachimanga. Woperekeza alendo akanena kuti Apwitikizi anatulukira Mozambique, mufunseni modekha kuti anthu amene anawapeza kumeneko anali atatayika kodi. Mukafika mu Rua Serpa Pinto, imani, mumugwire mwana dzanja, mumuuze za Shire, za Lizulu ndi za agogo ake a tsidya lina la msewu. Mukatha pamenepo, jambulani chithunzi chanu, mutitumizire.